Chipongwe cha Pabawo ndi Mwano wa pa Intaneti

Munthu amene adayendapo pamsewu wochokera pa Chitakale, kulambalala phiri la Mulanje, kudzera pa boma la Phalombe mpaka kukafika pa Migowi, sangaiwale timagulu ta amuna amene amaunjikana pansi pa mitengo ndi m'makonde a masitolo dzuwa likapendeka. Pakati pawo pamakhala bawo: thabwa la timaenje 32, nkhomo 64, ndi anthu awiri amene mitima yawo ili m'mwamba ngakhale nkhope zikuoneka zofatsa. Pabawo sipakhala chete. Wina akadyedwa nkhomo zambiri nthawi imodzi amafunsidwa ngati kunyumba adamphikira nsima; wina akachedwa kutakata amauzidwa kuti mvula ya chaka chamawa idzampeza pomwepo; ndipo wogonja amanyamuka pampando anzake akumuombera m'manja monyogodola. Komabe si kawirikawiri kumva kuti anthu adaleka kulonjerana chifukwa cha bawo. M'mawa mwake omwewo amakumananso, ndipo amene adasekedwa dzulo ndiye amayamba kufunsa kumene thabwa lili.

Masiku ano, chapafupi ndi gulu la pabawo pamapezekanso gulu lina la anthu ocheperapo msinkhu. Awa ndi anyamata, ndipo mwa apo ndi apo atsikana, amene adalemba mayeso a Fomu 4 ndipo akudikira zotsatira, kapena adazilandira kale koma malo a ku koleji ndi ntchito sizidapezeke. Maso awo ali pafoni, timahedifoni tili m'makutu, zala zili kalikiliki. Nawonso ali pampikisano, koma wopikisana naye sali pampando wa patsogolo pawo. Angakhale ali ku Ndirande, ku Nampula, ku Johannesburg kapena ku Cairo, ndipo dzina limene akudziwika nalo si limene adampatsa makolo ake. Masewera ake ndi monga mpira wa eFootball, Ludo King, ndiponso aja omenyana ndi mfuti: Free Fire amene adatuluka m'chaka cha 2017, PUBG Mobile wa mu 2018 ndi Call of Duty Mobile wa mu 2019. Munthu atati abwereke timahedifonito nkumvetsera kwa mphindi zochepa chabe, angamve mawu amene pabawo sangatuluke m'kamwa mwa munthu wanzeru zake.

Pali makolo ndi aphunzitsi ena amene amangogamula kuti magemu onse nkutaya nthawi, ndipo mankhwala ake nkulanda foni basi. Maganizo amenewa ngachidule. Masewerawa amafuna kuganiza msanga, kugwirizana ndi ena ndi kupirira pogonja, monga momwe ziliri ndi mpira kapena tchesi, ndipo kunja kuno adasanduka ntchito yodyetsa mabanja. Pampikisano wa Dota 2 umene udachitikira ku Bucharest m'chaka cha 2021, mphotho zonse pamodzi zidapitirira madola 40 miliyoni. Ndipo pamasewera a maiko a ku Asia amene adachitikira ku Hangzhou m'chaka cha 2023, opambana pamagemu adavekedwa mendulo chimodzimodzi othamanga ndi osambira. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza anthu oposa 429,000 m'boma la Phalombe, ndipo m'dziko lonse lino pafupifupi theka la anthu adali ana osakwana zaka 18. Ambiri mwa anawo tsopano ndi achinyamata, ndipo sadzaleka kusewera chifukwa choti wina wakwinya nkhope. Chofunika kufunsa nchakuti adzasewera ndi khalidwe lotani.

Pakuti vutoli si laling'ono ayi. Bungwe la Anti-Defamation League la ku America lidafunsa akuluakulu osewera masewera a pa intaneti m'dziko lawo m'chaka cha 2019, ndipo lidapeza kuti 74 mwa 100 alionse adachitidwapo chipongwe cha mtundu wina, pamene 65 mwa 100 alionse adakumana ndi zoopsa monga kuopsezedwa, kulondalondedwa kapena kuzunzidwa kwa nthawi yaitali. Mabwalo amene anthu a ku America amenewa amasewereramo ndi omwewo amene mwana wa ku Mpasa amalowamo akangogula bandulo.

Kumene mkwiyo umachokera

Masewera ambiri a mpikisano amaika munthu m'timu ya anthu anayi kapena asanu osadziwana, ndipo aliyense amakhala ndi mlingo wake umene umakwera akapambana, nkutsika akagonja. Munthu amene watha masabata akukweza mlingowo angauone ukugwa m'mphindi makumi awiri chifukwa cha kulakwitsa kwa mlendo amene sadamuonepo ndipo sadzamuonanso. Pampira wa pabwalo la kumudzi, goloboyi akalola chigoli chopepera anzake amadziwa kuti dzulo adagona ndi malungo, kapena kuti sabata yatha ndiye adawapulumutsa. Pa intaneti palibe dzulo. Munthu amaweruzidwa ndi mphindi imodzi yokhayo.

Tsono mnyamata wa ku Phalombe amalowa m'bwalo limeneli atasenza kale katundu amene ena alibe. Makompyuta akuluakulu oyendetsa masewerawa ali kutali, ena ku South Africa, ena ku Middle East ndi ku Ulaya. Uthenga wochoka pafoni ya ku Chiringa uyenera kuyenda ulendo wonsewo nkubwereranso, ndipo ukachedwa ngakhale ndi kachigawo ka sekondi, msilikali wa pagalasi amaima chilili ngati chitsa pamene anzake akuthamanga. Netiweki ikadukiza, batire ikatha chifukwa magetsi adazima kapena kudali mitambo tsiku lonse sola nkulephera kukoka, bandulo ikathera pakati pa nkhondo, anzake a m'timu sadziwa zonsezi. Iwo amangoona munthu amene wawagulitsa. Mawu amayambira pa kaseweredwe, koma sakhalitsa pamenepo: amafika pa Chingerezi chake, pa dziko lake, pa khungu lake, pa mayi ake. Ndipo iye, amene ndalama ya banduloyo adaipeza atatha tsiku lonse akumenya nandolo wa eni ake, amalowa m'masewera otsatira mtima uli chire, nakatsanulira zonsezo pa wina wofooka kuposa iye. Umu ndi mmene mwano umayendera, kuchoka pafoni ina kunka pa ina, mwini wake woyamba osadziwika.

Kutukwanidwa ndi mlendo wa kutali kumawawa, koma kumatha foni ikazimitsidwa. Choopsa kwambiri chili pafupi. Achinyamata amakonza mipikisano yawoyawo kudzera m'magulu a WhatsApp, ndipo nthawi zina amasonkha ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti wopambana atenge. M'magulu amenewa anthu amadziwana pang'ono, mokwanira kupwetekana koma mosakwanira kuchitirana manyazi. Wina akagonja amanena kuti mnzake waba. Wina amazimitsa dala intaneti poona kuti zinthu zamuipira. Ndipo mkangano wa masewera a mphindi khumi umatha usiku wonse anthu makumi asanu akuwerenga. Kumeneku kutukwana kumakhala m'Chichewa chomveka bwino. Chithunzi cha munthu chimatengedwa nkulembedwapo mawu onyoza, umphawi wa kwawo umaululidwa, ndipo Lolemba m'mawa nkhaniyo imakhala itafika kale kusukulu kapena pamsika.

Kawirikawiri chida chimene chimatoledwa msanga ndi mtundu wa munthu ndi dera lochokera. Anthu a ku Phalombe safunika kuphunzitsidwa za kulemera kwa dzina lonyoza. Alomwe amene adalowa m'dziko lino kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 adakhala nthawi yaitali akuitanidwa kuti Anguru, dzina limene lidalembedwa ngakhale m'mabuku a boma la atsamunda, ndipo ambiri adaleka kuyankhula chinenero chawo pagulu chifukwa cha manyazi. Padafunika kuti Lewis Bandawe ndi anzake akhazikitse bungwe loimira Alomwe m'chaka cha 1943, ndi kulimbikira kufikira boma lidasiya kugwiritsa ntchito dzinalo. Nzomvetsa chisoni kuti chimene agogo adachichotsa m'mabuku a boma ndi thukuta, mdzukulu angachitolenso chifukwa cha chigoli cha pafoni, kaya pochilandira kaya poponyera cha mtundu womwewo kwa Mtumbuka, Myao kapena Msena.

Atsikana ndiwo amalipira msonkho waukulu. M'chaka cha 2013 akatswiri awiri a ku America, Jeffrey Kuznekoff ndi Lindsey Rose, adafalitsa zimene adapeza atasewera Halo 3 pogwiritsa ntchito mawu ojambuliratu, ena a mwamuna ena a mkazi, onse onena zinthu zofanana. Mawu a mkazi adalandira zonyoza zochuluka katatu kuposa a mwamuna. Patapita zaka ziwiri, Kuznekoff yemweyo pamodzi ndi Michael Kasumovic adaonetsa chinthu china chimene mphunzitsi aliyense angachizindikire: amuna amene ankanyoza kwambiri mawu a mkazi adali aja amene masewera ankawakanika, pamene odziwa kusewera ankamuyankhula mwaulemu. Nchifukwa chake atsikana ambiri osewera amabisala m'maina achimuna ndipo satsegula pakamwa, ngakhale masewerawo afuna kuti a m'timu azichenjezana.

Nkhani ili m'maso

Kodi nchiyani chimachititsa mwana waulemu, amene amagwada popereka madzi kwa alendo, kusanduka chilombo akagwira foni? Katswiri wa za maganizo a anthu, John Suler, adalemba m'chaka cha 2004 kuti pa intaneti munthu amamasuka mopitirira muyeso chifukwa sadziwika, saoneka, ndipo amadzinamiza kuti zimene zikuchitika kumeneko si moyo weniweni. M'chaka cha 2012 akatswiri ena awiri a ku yunivesite ya Haifa ku Israel, Noam Lapidot-Lefler ndi Azy Barak, adafuna kudziwa kuti mwa zifukwazi chachikulu nchiti. Adatenga ophunzira nkuwaika awiriawiri kuti atsutsane nkhani yovuta polemberana pakompyuta. Ena ankadziwana maina, ena ayi. Ena ankaonana thupi pakamera, ena ayi. Ndipo ena ankapenyana m'maso. Chimene chidachepetsa kwambiri mawu aukali sichidali dzina, koma kupenyana m'maso.

Apa mpamene bawo ikuposera. Wosewera bawo amaona nkhope ya mnzake ikusintha, ndipo amadziwa pamene nthabwala yafika pa bala. Kuwonjezera apo pali oonerera, ndipo pakati pawo sipalephera kukhala wamkulu amene angangoti, "Aphwanga, pamenepo mwapitirira," nkhani nkuthera pomwepo. Anthu a kuno sadaletsepo chipongwe, adangochimangira mpanda. Asuweni amaseleulana mpaka mlendo kudabwa, adzukulu amachita nthabwala pamaliro penipeni anthu akulira, ndipo ku Zambia anthu a kum'mawa ndi Abemba ali ndi chimbuya chawo chimene chimamveka ngakhale m'nyumba ya malamulo. Koma chipongwe chonsechi chili ndi eni ake. Amene akunyozedwa ali ndi ufulu wobwezera, onse awiri akudziwa malire, ndipo pansi pake pali ubale umene udzafunike tsiku la matenda. Mnyamata amene amatukwana mlendo pa intaneti nati, "Ndimangocheza," watenga mawu a chisuweni nkusiya chisuweni chenichenicho.

Koma asanamizidwe munthu kuti masewera a maso ndi maso ngoyera. Pa 28 Disembala 2013, pabwalo la Balaka, masewera a Silver Strikers ndi Wanderers adathera m'chipolowe ndipo wochemerera mmodzi adataya moyo. M'chigulu cha anthu zikwizikwi munthu amasowanso nkhope, ndipo mwala umene waponya ulibe dzina. Intaneti yangochita kuti chigulu choterocho chizikwana m'thumba la malaya.

Nsomba imodzi yoola?

Akuluakulu adati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti mankhwala a mwano wa m'masewera nkupeza nsomba zoolazo nkuzitaya. Kampani ya Riot Games, eni ake a League of Legends, nayonso idayamba ndi maganizo omwewo. Idalemba ntchito akatswiri a za ubongo ndi khalidwe, motsogozedwa ndi Jeffrey Lin, kuti afufuze zolemba za osewera miyandamiyanda. Zimene adapeza, monga momwe magazini ya sayansi ya Nature idalembera m'chaka cha 2016, zidadabwitsa ngakhale iwo omwe. Osewera amwano wosalekeza adali pafupifupi mmodzi yekha mwa 100 alionse, ndipo mwano wawo udali magawo asanu okha mwa magawo 100 a mwano wonse. Wotsalawo udachokera kwa anthu wamba, abwinobwino masiku ambiri, amene tsikulo zinthu sizidawayendere. Kunena kwina, ngakhale atathamangitsidwa onse odziwika ndi pakamwa poola, bwalo likadakhalabe lonunkha.

M'chaka cha 2011 kampaniyo idatsegula bwalo la milandu lotchedwa Tribunal, kumene osewera anzawo ankawerenga zimene woimbidwa mlandu adalemba nkugamula ngati ayenera chilango kapena kukhululukidwa. Phunziro lalikulu silidali pa kukula kwa chilango koma pa kaperekedwe kake. Wolakwa akangouzidwa mtundu wa cholakwa chake, theka la anthu otere ankatha miyezi itatu osalakwanso. Akaonetsedwa mawu enieni amene adalemba pamodzi ndi chigamulo cha anzake, osintha ankafika 70 mwa 100 alionse. Koma bwalolo linkachedwa, mwina masabata awiri mwina mwezi, munthu ataiwala kale chimene adanena. Pamene kampaniyo idakonza makina opereka chidzudzulo patangopita mphindi zochepa masewera atatha, idanena kuti osintha adafika 92 mwa 100 alionse. Idapezanso kuti kachiganizo kamodzi koonetsedwa masewera asadayambe, kokumbutsa kuti mnzako amalakwitsa kwambiri ukamamulalatira, kankachepetsa kutukwana. Kampani ina, Blizzard, idayesa njira yoyamikira: kuyambira m'chaka cha 2018 osewera Overwatch adapatsidwa mwayi wovotera mnzawo wakhalidwe labwino, ndipo chaka chotsatira kampaniyo idati masewera osokonezedwa ndi mwano adatsika ndi magawo 40 mwa 100.

Ziwerengero izi nzochokera kwa eni malonda, ndipo wogulitsa mbuzi sanena kuti njodwala. Komabe mphunzitsi amene adakhalapo m'komiti yosungitsa mwambo pasukulu angavomereze kuti zikugwirizana ndi zimene amaona. Mwana wopatsidwa chibalo Lachisanu pa mlandu wa Lolemba amangoona nkhanza za aphunzitsi. Mwana woitanidwa tsiku lomwelo, nkuonetsedwa kalata imene adalemba ndi dzanja lake, amagwetsa nkhope.

Makina osamva Chichewa

Makampani akuluakulu tsopano adaika makina omvetsera zimene osewera akuyankhula. M'chaka cha 2023 eni ake a Call of Duty adayamba kugwiritsa ntchito makina otchedwa ToxMod, amene amamva mawu onyoza nkudziwitsa oyang'anira. Makinawa adayamba ndi Chingerezi, kenaka nkuwonjezera zinenero zina zikuluzikulu monga Chisipanishi ndi Chipwitikizi. Chichewa mulibe, Chilomwe ndiye nkosayamba nkomwe. Ngakhale tsiku lina adzaphunzitsidwe mawu otukwana onse a m'Chichewa, adzagwirabe ochepa, pakuti Mmalawi akafuna kupweteka mnzake safunika liwu lotukwana. Angathe kumupha ndi mwambi, ndi funso laulemu, kapena ndi kumutchula kuti "achimwene" m'kamvekedwe kena. Ndipo m'gulu la WhatsApp mauthenga ngobisika kwa wina aliyense wakunja. Woyang'anira yekha amene alipo ndi mnyamata amene adalitsegula.

Motero wachinyamata wa ku Phalombe asayembekeze kuti wina wa ku California adzamteteza kwa mnzake wa ku Nambazo. Ntchito imene pabawo imagwiridwa ndi oonerera ndi akuluakulu, pa intaneti ilibe mwini kufikira osewera eni ake ataisenza.

Nkhanga zidapangana kusadapse

Gulu lililonse lokonza mpikisano liyenera kugwirizana malamulo masewera asadayambe, osati mkangano utabuka. Malamulowo asakhale ambiri, koma anene zinthu ndi maina ake: kuseka kaseweredwe nkololedwa, kutchula makolo, mtundu, chipembedzo, chilema kapena thupi la munthu nkoletsedwa, chithunzi cha wina sichitumizidwa popanda iye kulola. Anenenso chochita netiweki ikaduka pakati pa masewera, pakuti mikangano yambiri imabadwira pamenepo. Pakhale woimbira amene sakusewera nawo, ndipo ngati nkotheka akhale awiri, kuopa kuti mmodzi angakondere mnzake wa m'mudzi. Wolakwa auzidwe tsiku lomwelo, payekha, ataonetsedwa mawu ake. Aimitsidwe masiku owerengeka, ndipo khomo lobwerera likhale lotsegula kwa wopepesa. Kuthamangitsiratu kusungidwire woopseza anzake ndi wobwereza dala. Gulu limene limathamangitsa aliyense wopsa mtima kamodzi lidzatsala ndi woyang'anira yekha.

Ndalama ndiyo imasandutsa masewera kukhala mlandu. Kumene kwaikidwa chikole, kugonja sikukhalanso kugonja chabe koma kuberedwa, ndipo munthu woberedwa samva nthabwala. Chitsanzo choopsa chidachitika mumzinda wa Wichita ku America pa 28 Disembala 2017. Anyamata awiri adakangana pamasewera a Call of Duty amene chikole chake chidali dola imodzi ndi theka. Mmodzi adaopseza mnzake, mnzakeyo nkumupatsa keyala ya nyumba imene sankakhalamo. Woopsezayo adapempha munthu wina wa ku Los Angeles kuti aimbire apolisi monama kuti m'nyumbamo mwaphedwa munthu. Apolisi atafika adaombera bambo wa zaka 28 amene adangotsegula chitseko kuti aone chimene chikuchitika, munthu wosadziwa kanthu za masewerawo. Woimba foniyo adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 20 m'chaka cha 2019. Kuno apolisi sathamangira foni motero, koma amene wadziwa mudzi, sukulu ndi nambala ya mnzake ali nazo njira zina zomufikira. Zinthu zitatuzi siziperekedwa kwa mlendo wa m'masewera, ngakhale aoneke wokoma mtima chotani.

Kwa wosewera payekha, chida chachikulu ndi kabatani kotsekera mawu a munthu wina, kamene masewera ambiri ali nako pamodzi ndi kena kodandaulira kwa eni masewera. Achinyamata ambiri amakaona ngati ka amantha. Koma wotukwana amafuna yankho monga moto ufunira nkhuni, ndipo amene wamutsekera mawu amapitiriza kusewera mutu uli bwino pamene winayo akubwebweta yekha. Ndiponso munthu amene wagonja katatu motsatizana achita bwino kuika foni pansi nkupita kukatunga madzi; masewera achinayi oseweredwa ndi mkwiyo sabweza chimene chatayika. Amene ali ndi mphamvu yoposa onse ndi wachitatu, woonerera. Liwu limodzi lochokera kwa mnzake wa m'timu, makamaka wodziwa kusewera, loti "musiyeni, tisewere," limachita zimene malamulo khumi sangachite.

Mwambo wopatsana moni nawonso si wachabe. Pampikisano wa tchesi wa ku Wijk aan Zee ku Netherlands mu Januwale 2008, Ivan Cheparinov wa ku Bulgaria adakana kawiri kugwira dzanja la Nigel Short wa ku England masewera asadayambe, ndipo woimbira adagamula kuti wagonja pomwepo. Komiti ya apilo idalola kuti masewerawo achitike tsiku lotsatira pokhapokha Cheparinov atalemba kalata yopepesa ndi kupereka dzanja. Adachita zonse ziwiri, ndipo Short adapambana. Ngati akatswiri a msinkhu umenewo amakakamizidwa kupatsana moni, si chinthu chachibwana kuti gulu la pa Migowi lilamule kuti aliyense, wopambana ndi wogonja, alembe mawu othokoza mnzake masewera akatha.

Aphunzitsi ali ndi malo apadera pankhaniyi, ngakhale masukulu ambiri salola foni. Kuletsa foni pasukulu sikuletsa mkangano wa usiku kulowa m'kalasi m'mawa, ndipo mphunzitsi amene sadziwa kuti mlingo wa m'masewera nchiyani sangamvetse chifukwa chimene ana awiri ogwirizana alekera mwadzidzidzi kukhala pa desiki imodzi. Phunziro la Life Skills lili kale ndi mitu ya kuugwira mtima ndi kuthetsa mikangano. Chimene chikusowa ndi zitsanzo zochokera m'moyo umene ophunzira akukhalamo, ndipo ophunzira eni ake angazipereke zambiri atafunsidwa mopanda chiopsezo. Aphunzitsi achinyamata, monga amene akutuluka pa koleji ya aphunzitsi ya Phalombe, ambiri adakula ndi masewera omwewa ndipo amadziwa chinenero chake. Kumene kuli kalabu ya bawo, tchesi kapena drafuti, mphunzitsi angathe kuwonjezera mpikisano wa mpira wa pafoni Loweruka, opikisana atakhala moyang'anana m'chipinda chimodzi, anzawo akuonerera. Ana amene adaseweretsana maso ndi maso savuta kuchitirana manyazi akakumananso usiku pa intaneti.

Pamene nkhani yafika ku boma

Pali malire amene gulu la achinyamata kapena mphunzitsi sangathenso kuweruza yekha. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la m'chaka cha 2016 lidaika kuzunza munthu kudzera pa kompyuta kapena pafoni m'gulu la milandu. Ndime 86, yonena za kuopseza munthu kapena kumutumizira zolaula, idaika chindapusa cha K2,000,000 ndi zaka zisanu m'ndende. Ndime 87 ndi 88, zonena za mauthenga obwerezabwereza osowetsa mtendere ndi kulondalonda munthu, zidaika K1,000,000 ndi miyezi khumi ndi iwiri. Akale adachenjeza kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata, ndipo mlomo wa pa intaneti suuma ngati malovu: uthenga umene mwini wake adaufufuta ungakhale utajambulidwa kale m'mafoni khumi. Wachinyamata amene akufuna kudzalowa usilikali, uphunzitsi kapena unamwino aganize kawiri asadatumize.

Amene akuopsezedwa, makamaka mtsikana amene wina akumukakamiza kutumiza zithunzi kapena akumuuza kuti amupeza panjira, asafufute mauthengawo chifukwa cha manyazi. Awajambule onse pamodzi ndi nambala, tsiku ndi nthawi, asayankhe, ndipo auze kholo, mphunzitsi kapena wamkulu wina wodalirika tsiku lomwelo. Kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit, ndipo ana ndi achinyamata angathe kuimba nambala ya 116 mwaulere, ngakhale m'foni mulibe mayunitsi.